DZINO LOBVUNDA LISAWALANDE AMBUYA MANKHWALA A MAFUPA

M'makomboni mwathu muno, kuyambira ku Katete mpaka ku Sinda ndi ku Vubwi, mwayamba kulowa mankhwala amene makolo athu sanawadziwe. Awa ndi mankhwala olimbitsa mafupa a anthu acikulire. Ena amawalembera ndi dotolo atathyoka mkono kapena ciuno. Ena amacita kuwatumizira ana ao amene ali pa nchito ku Lusaka, ku Kopala kapena ku Johannesburg. Enanso ndi odwala kansa amene amaikidwa dilipi ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, nabwerera kwao kudikira tsiku lina.

Pamodzi ndi mankhwalawa pafikanso mbiri yoopsa. Akuti amaoletsa nsagwada. Akuti munthu akazula dzino ali pa mankhwalawa, cilonda sicipola, fupa limakhala poyera m'kamwa nkumanunkha. Mwana amawerenga zimenezi pa foni usiku, m'mawa nkuimbira kunyumba kuti, "Amai, mapilisi aja lekani." Mbiri imeneyi si bodza ai, ndipo cifukwa cake nkhaniyi ndi yofunika kuikamba bwino. Bodza lenileni anthu amalitaya msanga, koma coonadi cotheka ndico cimapweteka anthu ambiri.

Maganizo anga ndi awa. Munthu amene dotolo wamupeza ndi mafupa ofooka asakane mankhwala cifukwa coopa nsagwada. Coyenera kucita ndi kukonza m'kamwa coyamba, mofulumira, kenaka nkuyamba mankhwala. Ndipo amene anayamba kale asaleke yekha, komanso asabise kwa wozula mano. Tiyeni tione cifukwa cake.

Matenda amene tikukamba madotolo amawacha osteoporosis. Ife tingati ndi kufumbwa kwa mafupa. Aliyense amadziwa mtengo wa denga umene ciswe cadya mkati. Kunja umaoneka wabwino, koma tsiku lina mphepo yaing'ono cabe, denga lonse pansi. Fupa la munthu limacita cimodzimodzi. Fupa si mwala, ndi cinthu camoyo. Masiku onse m'thupi muli timagulu tiwiri ta anchito: ena amagumula fupa lakale, ena amamanga latsopano. Pa unyamata omanga amapambana. Zaka zikamapita ogumula amayamba kuposa. Kwa azimai zinthu zimathamanga kwambiri akangoleka kupita kumwezi, cifukwa mphamvu ya m'thupi yochedwa oestrogen, imene inali kuletsa ogumula aja, imacepa. Bungwe loona za matendawa pa dziko lonse, International Osteoporosis Foundation, limati mwa azimai 3 aliwonse opitirira zaka 50, mmodzi adzathyoka fupa cifukwa ca kufumbwa kumeneku, ndipo mwa amuna 5 mmodzi.

Kwa zaka zambiri kunali kunenedwa kuti awa ndi matenda a azungu ndi amwenye, kuti munthu wakuda mafupa ake ndi olimba. Ofufuza ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Gambia aonetsa kuti nafenso timathyoka m'ciuno tikakalamba, ndipo ciwerengero cidzakwera cifukwa anthu akukhala zaka zambiri kuposa kale. Koma sitifunikira kupita kutali. Pa Ciweru cotsiriza ca August, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, ponyani maso kumene kwakhala nchembere. Muwerenge amene msana unapindika, amene anali atali koma tsopano afupika, amene amayenda maso ali pansi. Ife timati ndi ukalamba cabe, kapena timati ndi khasu ndi mitolo ya nkhuni. Koma kawirikawiri msana wotere ndi timafupa ta msana tofumbwa timene tinaphwanyika kamodzikamodzi popanda wodziwa.

Pali zinanso za kwathu kuno zimene zimafulumizitsa kufumbwaku. Coyamba ndi mapilisi a prednisolone, amene anthu a mphumu ndi a nyamakazi amamwa, ena mongogula okha pa kantemba miyezi ndi miyezi cifukwa amaletsa ululu msanga. Mapilisi amenewa akamwedwa nthawi yaitali amadya fupa koopsa. Fodya ndi kacasu nazonso zimadya. Kuonda kwambiri ndi kusowa zakudya zabwino. Ndiponso kacirombo ka HIV. Abale athu amene anayamba ma ARV pamene Boma linayamba kuwapereka kwaulere ca m'ma 2005 lero ali ndi zaka 50 kapena 60, ndipo tikuyamika kuti ali moyo. Koma kacirombo kameneka kamacepetsa mphamvu ya fupa, ndipo mankhwala a tenofovir, amene ali m'pilisi limene ambiri amamwa, amacepetsakonso pang'ono. Pamenepa ndimveke bwino: palibe amene ayenera kuleka ma ARV cifukwa ca mafupa. Coyenera ndi kufunsa ku kiliniki ngati mafupa anu afunika kuonedwa.

Tsopano tiike zinthu ziwirizi pa sikelo, ngati mmene timapimira thonje kapena nshawa pa msika.

Mbali imodzi tiikepo ciuno cothyoka. Ambuya aterereka m'bafa, kapena apunthwa pa khomo usiku magetsi atazima, agwa pansi ndipo sakutha kuukanso. Fupa la pamwamba pa nchafu, polumikizana ndi ciuno, laduka. Ngakhale m'maiko olemera, kumene munthu wotere amamucita opaleshoni tsiku lomwelo kapena mawa lake, mmodzi mwa anthu 5, ndipo malo ena kuposa pamenepo, amamwalira caka cisanathe. Sicimawapha ndi fupa lenilenilo ai. Cimawapha ndi kugona: cibayo, zilonda za pamsana, magazi oundana m'miyendo. Ambiri mwa otsala moyo sayendanso monga kale. Nanga kuno kwathu? Wa ku Vubwi afunika galimoto yomufikitsa ku Chipata Central Hospital. Wa ku Sinda kapena wa ku Katete athamangira ku Nyanje kapena ku St Francis, cipatala cimene catumikira dera lino kuyambira 1948, ndipo pena afunika kutumizidwanso ku Lusaka. Mwana wamkazi aleka malonda ake pa msika kuti akadwazike. Mdzukulu aleka sukulu kuti aziphika. Ndalama ya feteleza yapita ku mathiransipoti. Mabanja ena, poona zonsezi, amangowagoneka ambuya pa mphasa m'nyumba nkumayembekezera.

Mankhwala aja anapangidwa kuti aletse zimenezi, ndipo amagwiradi nchito. Odziwika kwambiri ndi pilisi la alendronate, limene linayamba kugwiritsidwa nchito ku America mu 1995 ndipo masiku ano limamwedwa kamodzi pa mlungu. Kafukufuku wa mu 1996 pa azimai oposa 2,000 amene anali atathyokapo kale fupa la msana anaonetsa kuti pilisili linacepetsa ndi theka kuthyoka kwa msana ndi kwa ciuno. Pali dilipi ya zoledronic acid imene imaikidwa kamodzi pa caka. Kafukufuku wa mu 2007 pa azimai oposa 7,000 anapeza kuti m'zaka 3 kuthyoka kwa msana kunacepa ndi 70 pa 100 aliyense, ndipo kwa ciuno ndi 41 pa 100. Palinso jekeseni ya denosumab ya kamodzi pa miyezi 6, yodula kwambiri, imene anthu ocepa a kuno amaipeza. Mankhwala onsewa nchito yao ndi imodzi: kumanga manja a ogumula fupa aja.

Mbali ina ya sikelo tiikepo nsagwada. Mu 2003 dotolo wocita maopaleshoni a m'kamwa ku Miami ku America, dzina lake Robert Marx, analemba za odwala 36 amene fupa la nsagwada linali kuonekera m'kamwa osapola. Pafupifupi onse anali odwala kansa olandira mankhwala a mtundu umenewu m'dilipi. Kucokera pamenepo madotolo anayamba kuyang'anitsitsa, ndipo anapeza kuti bvutoli limagwiranso, mwa apo ndi apo, anthu omwa mankhwalawa cifukwa ca mafupa ofumbwa.

Cifukwa cake cimamveka. Fupa la nsagwada limagwira nchito yotafuna tsiku lililonse, motero limafuna kukonzedwa pafupipafupi kuposa mafupa ambiri. Cophimba cake ndi nkhama zopyapyala, ndipo m'kamwa ndi mudzi wa tizirombo. Dzino likazulidwa pamatsala dzenje lofika pa fupa. Kuti dzenjelo lipole, ogumula aja afunika kucotsa kaye tizidutswa takufa, omanga nkubwera pambuyo. Ogumula akakhala omangidwa manja, ndipo tizirombo talowa, kacigawo ka fupa kangafe. Madotolo amati ndi matendawa ngati fupa lakhala poyera m'kamwa kupitirira milungu 8 osapola.

Funso lalikulu ndi ili: zimacitika kangati? Apa ndi pamene mbiri ya pa foni imasokoneza anthu, cifukwa imasakaniza magulu awiri osiyana. Wodwala kansa imene yalowa m'mafupa, monga ya bele kapena ya prostate, amalandira zoledronic acid pafupipafupi, nthawi zina mwezi uliwonse. Wa mafupa ofumbwa amalandira kamodzi pa caka. Muyeso wa denosumab wa kansa ndi 120 mg mwezi uliwonse, wa mafupa ofumbwa ndi 60 mg pa miyezi 6. Kwa odwala kansa bvuto la nsagwada limagwira anthu owerengeka pa 100 aliwonse, ndipo limenelo ndi bvuto loyenera kuliopa. Koma kwa omwa cifukwa ca mafupa ofumbwa, akatswiri amayerekeza kuti ndi pakati pa munthu mmodzi pa 10,000 ndi mmodzi pa 100,000 pa caka. Ngakhale atazula dzino, amene amapezeka ndi bvutoli sakwana mmodzi pa 100. Pa kafukufuku wa azimai 7,000 uja, bvuto la nsagwada linapezeka mwa anthu awiri cabe: mmodzi analandira mankhwala enieni, winayo analandira dilipi yopanda mankhwala.

Ndiye sikelo yapendekera kuti? Kwa mai wa zaka 68 amene anathyoka kale dzanja atangogwa pabwalo, kapena amene msana wayamba kupindika, ciuno cothyoka cili pafupi naye kwambiri kuposa nsagwada yoola. Ndipo zikacitika, kulemera kwake sikufanana. Nsagwada, makamaka kwa anthu a gulu limeneli, kawirikawiri imacira ndi mankhwala ocukuca m'kamwa, mankhwala opha tizirombo, ndi kucotsa kacidutswa kakufako. Ndi zowawa, zimatenga miyezi, sindikuzicepetsa. Koma munthu amayenda, amapita ku chalichi, amalima dimba lake. Wothyoka ciuno angathe osaimiriranso.

Komabe sindifuna kuti wina acoke pano akuti mano alibe kanthu. Ziwerengero zocepa zija zinacokera ku maiko kumene anthu ambiri amaonetsa mano kwa dotolo asanayambe kuwawa. Kuno kwathu nkosiyana, ndipo apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni ya ife a kum'mawa.

Tinene zoona: ambiri a ife dotolo wa mano timamudziwa pa cinthu cimodzi, kuzula. Dzino likabooka timapirira. Timaikamo mcere, adyo, pilisi la Panadol lophwanya, ena mpaka madzi a mu batire ya galimoto, cinthu coopsa cimene cimaocha nkhama. Timapita ku cipatala tsaya litatupa, pamene dzinolo silingathekenso kumata, ndipo timafika titagamula kale kuti licoke. A mano akanena kuti ili tingalimate, ena amakwiya, kuona ngati awabera ulendo. Motero munthu amafika zaka 60 ali ndi zitsa za mano m'kamwa, nkhama zotuluka magazi, mano ena ogwedera. Munthu wotereyu akayamba mankhwala a mafupa, mosakaika m'zaka zikubwerazi adzafunika kuzula dzino, mwina angapo. Ndipo kuzula dzino, matenda a nkhama ndi mafinya a pansi pa dzino ndizo zimatsegula khomo la bvuto la nsagwada lija. Kuonjezera apo shuga, prednisolone, fodya wosuta, nsunko imene amai ena amaika kunsi kwa mlomo, ndi mano oikirira osakhala bwino amene amapala nkhama.

Ndiye cifukwa cake ndikuti m'kamwa muyambe. Dotolo akanena kuti mufunika mankhwala a mafupa, mlungu womwewo pitani kwa a mano, ngakhale palibe dzino likuwawa. Funsani pa kiliniki yanu kumene kuli a mano pafupi. Muwauze kuti, "Ndifuna kuyamba mankhwala a mafupa, ndioneni m'kamwa monse." Zitsa zicoke. Dzino losatheka kupulumutsa licoke tsopano, osati caka camawa. Lotheka kumata limatidwe. Zoyanga zouma za m'mbali mwa mano zipalidwe. Nkhama zikatseka pa dzenje, zimene zimatenga milungu yowerengeka, yambani mankhwala. Kwa wodwala kansa lamulo limeneli ndi lolimba koposa: dilipi yoyamba isanalowe, a mano aone m'kamwa, pokhapokha ngati dotolo wa kansa wanena kuti nthawi palibe.

Ndanena kuti mofulumira, ndipo mau amenewa ndi ofunika. Munthu akathyoka fupa limodzi, ngozi yothyoka lina imakhala yaikulu kwambiri m'caka coyamba ndi caciwiri. Ndiye si nzeru kukhala miyezi 8 osamwa mankhwala cifukwa ndalama ya minibasi yopitira kwa a mano sinapezeke, kapena cifukwa tikudikira kukolola. Ngati a mano sangapezeke msanga, ndipo ambuya anathyoka kale msana kapena ciuno, ine ndiona kuti ndi bwino kuyamba mankhwala ndi kukonza mano m'miyezi yoyambirira, cifukwa ngozi ya nsagwada imakula ndi zaka zomwera, ndipo poyamba imakhala yaing'ono kwambiri. Koma cimeneci agamule ndi dotolo amene wawaona.

Nanga amene ali kale pa mankhwala ndipo dzino layamba kuwawa? Apa anthu amalakwa njira ziwiri. Ena amaopa kuzula, nasunga dzino la mafinya miyezi yambiri. Uku ndi kulakwa, pakuti mafinya okhalitsa pa fupa nawonso amayambitsa bvuto lomwe akuliopalo. Dzino loyenera kucoka licoke. Ena amaleka mapilisi milungu iwiri, poganiza kuti mankhwala acoka m'thupi. Alendronate ndi zoledronic acid zimamatirira m'fupa zaka zambiri. Kuleka milungu iwiri sikusintha kanthu, ndipo palibe umboni wokwanira wakuti kupumira kotere kumateteza nsagwada. Denosumab ndiye yoopsa kuleka mwacisawawa. Mphamvu yake ikatha, ogumula aja amauka ndi ukali, ndipo anthu ena amathyoka timafupa ta msana tingapo m'miyezi yocepa. Amene ali pa jekeseni imeneyi asadumphe tsiku lake popanda dotolo kukonza cina colowa m'malo. Ndiponso banja lisayambe jekeseniyi ngati silikudziwa kumene ndalama ya yaciwiri ndi yacitatu idzacokera.

Cimene cimathandiza ndi kunena. Wozula mano akadziwa kuti muli pa mankhwalawa amayamba waona ngati dzino lingapulumuke. Ngati lifunika kucoka amazula mosamala, amasalaza m'mphepete mwa fupa, angathe kusoka nkhama, amakupatsani mankhwala ocukuca, ndipo amakuuzani tsiku lobweranso kuti aone ngati papola. Koma adzadziwa bwanji? Dilipi munalandira ku Lusaka mu March, dzino mukuzula ku Katete mu October. Mukafunsidwa kuti, "Mukumwa mankhwala alionse?" mumayankha kuti iyai, ndipo simunaname, pakuti dilipi ya kamodzi pa caka munthu saiwerengera ngati mankhwala omwa. Apa ndi pamene pamagwera anthu. Lembani dzina la mankhwalawo ndi tsiku limene munalandira pa cikuto ca buku lanu la kucipatala, ndi zilembo zikuluzikulu. Ngati ndi mapilisi, nyamulani kabokosi kake. Ngakhale munaleka zaka 3 zapitazo, nenani. Ndipo kwa a mano athu, amene ambiri anaphunzira ku Dental Training School ku Lusaka, ndi madotolo a mano amene tsopano akucokera ku Copperbelt University ku Ndola, pempho langa ndi lakuti funso limeneli lizifunsidwa mwacindunji kwa munthu aliyense wacikulire: kodi munalandirapo mankhwala a mafupa kapena a kansa, a pilisi, a jekeseni kapena a dilipi? Mzere ukhale wautali bwanji, funsoli silitha mphindi imodzi.

Za ozula mano a m'makwalala ndi a kuseri kwa nyumba, amene amazula ndi pulayazi yokonzera njinga, sindifuna kutayapo mau ambiri. Kwa munthu wabwinobwino ndi ngozi. Kwa munthu wa pa mankhwala a mafupa ndi kuitana tsoka ndi manja awiri.

Mukazula dzino, zizindikiro zobwerera nazo msanga ndi izi: dzenje losapola patapita mwezi ndi theka kapena iwiri, kanthu kolimba koyera kapena kacikasu koonekera pa nkhama, mafinya, fungo loipa, kutupa, dzanzi pa mlomo wa m'munsi kapena pa cibwano, ndi mano oyandikana kuyamba kugwedera. Musakolokose ndi kamtengo kapena cikhadabo.

Pali cinthu cina cimene anthu saciganizira pokamba za mano ndi mafupa, ndipo kwa ine ndico cacikulu. Kutha kwa mano pakokha kumafumbwitsa mafupa, kudzera m'mbale. Fupa limamangidwa ndi calcium. Mai wopitirira zaka 50 amafunika pafupifupi 1,200 mg pa tsiku, ndipo kapu imodzi ya mkaka ili ndi pafupifupi 300 mg. Mabanja angati m'komboni amagula mkaka tsiku ndi tsiku? Calcium wathu ife amacokera ku kapenta ndi usipa zimene timadya ndi minga yomwe, ku bondwe, cibwabwa, lepu ndi masamba ena obiriwira, ku nyemba ndi soya. Zambiri mwa izi zimafuna mano. Ambuya akatha mano a m'mbali, kapenta wokazinga amawalasa nkhama, ndiye amamukankhira kwa adzukulu. Amatsala ndi nsima yofewa yosunsa mu supu, phala loyera, tiyi wa shuga wambiri ndi banzi loviika. Mimba imakhuta, koma fupa likufa ndi njala, thupi likuonda, miyendo ikufooka, ndipo kugwa kukuyandikira. Shuga wa m'tiyi uja akumaliza mano otsalawo. Ndiye amene amati "zulani onse kuti ndipumule" adziwe kuti dzino lililonse lotafunira limene lapulumuka likutumikiranso ciuno.

Kumene mano anatha kale, nchito ili kwa wophika. Kapenta asinjidwe mu mtondo akhale ufa, athiridwe m'phala kapena m'ndiwo. Masamba aduledwe bwino, aphikidwe ofewa ndi nsinjiro. Nyemba zipotedwe. Ambuya aziothera dzuwa la m'mawa, cifukwa khungu likaona dzuwa limapanga vitamin D amene amathandiza calcium kulowa m'thupi, ndipo aziyenda tsiku lililonse. Kuwakhazika pa mpando tsiku lonse poti tikuwalemekeza ndi kuwafooketsa. Mankhwala a mafupa nawonso sagwira bwino ngati calcium ndi vitamin D zikusowa. Mano otsala atsukidwe kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, makamaka usiku pogona, ndipo mukatsuka lavulani cabe, musacukuce ndi madzi. Mswaci wa kamtengo umacotsa zoyanga ndithu, koma fluoride ulibe.

Mau ena apite kwa ana okhala kutali, amene cikondi cao cimabwera m'maphukusi a pa basi. Alendronate si vitamini. Si wa munthu aliyense wokalamba, ndipo si wa ululu wa mawondo. Munthu wa impso zofooka kapena wobvutika kumeza sayenera kumwa. Kamwedwe kake kali ndi lamulo: m'mawa, m'mimba mulibe kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi okhaokha, osati tiyi kapena maheu, ndipo munthu akhale tsonga kapena aimirire mphindi 30 osadya kanthu, osagonanso. Akagona pilisilo limaocha kummero. Pakapita zaka 5 pa mapilisi, kapena zaka 3 pa dilipi, dotolo afunika kuonanso ngati munthu apitirize kapena apumule, cifukwa ngozi ya nsagwada, ndi ngozi ina yosowa ya kung'aluka kwa fupa la nchafu, zimakula pakapita zaka zambiri. Ululu wacilendo wa m'nchafu kwa munthu womwa mankhwalawa ndi wopita nao ku cipatala. Kutumiza mapilisi popanda dotolo ndi kulakwa, ndipo kuimba foni kuti alekedwe popanda dotolo ndi kulakwa komweko. Ngati muli ndi ndalama yothandizira amai, yambani ndi ya ulendo wa kwa dotolo ndi wa kwa a mano.

Kunena zoona, anthu ambiri a m'dera lino amene afunika mankhwalawa sanawamvepo nkomwe. Makina opimira kulimba kwa mafupa sapezeka m'makiliniki athu. Cimene cimacitika ndi cakuti mai wacikulire akathyoka dzanja amamangidwa pulasitala, pakatha milungu 6 nkucotsa, nkhani yatha. Fupa lalumikizika, koma palibe wafunsa cifukwa cimene linathyokera pa kugwa kwakung'ono kotere. Munthu wa zaka zoposa 50 akathyoka fupa atangogwa ali ciimire, kumeneko ndi kulira kwa belu, ndipo dotolo angathe kuganizira za mankhwala ngakhale popanda makina aja. Inu operekeza odwala, tsiku locotsa pulasitala funsani mafunso awiri musanatuluke m'cipinda: kodi mafupa a amai ndi ofumbwa ndipo afunika mankhwala? Ngati afunika, a mano tiwaone liti?